Musanakwere Ndege ku OR Tambo

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI:  

Lero tikamba za anthu amene ambiri a ife timawayesa opanda vuto la mapepala. Awa ndi aphunzitsi ndi akatswiri a kafukufuku ochokera m'mayiko ena amene akugwira ntchito m'sukulu zaukachenjede za mu Johannesburg muno, ku Wits ku Braamfontein, ndi ku University of Johannesburg (UJ) ku Auckland Park, Doornfontein ndi Soweto. Pakati pawo pali Amalawi, a ku Zambia, a ku Zimbabwe ndi ena ambiri. Onsewa analowa pachipata poyera, viza yogwirira ntchito ili m'pasipoti. Chovuta n'chakuti vizayo ili ndi tsiku lothera, pamene ntchito yawo imawatuma kunja pafupipafupi.

Mphunzitsi wa pa yunivesite sangangokhala pa ofesi chaka chonse. Amaitanidwa ku misonkhano ya akatswiri anzake, mwina ku Dakar kumene kuli likulu la CODESRIA, mwina ku Makerere ku Kampala, mwina ku Ulaya. Amapemphedwa kukayesa ophunzira a madigiri apamwamba ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Kafukufuku wake angakhale wa nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndiye sangamuchite ali ku Braamfontein. Kukwezedwa pa ntchito kumadaliranso kuti dzina lake likumveka bwanji kunja, ndipo bungwe la National Research Foundation likamapima akatswiri limafunsa maganizo a anzawo a m'mayiko ena. Pamwamba pa zonsezi pali ulendo umene suchenjeza, wa lamya ya usiku yonena kuti mayi atisiya, maliro ndi mkuja.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kwa munthu wa viza ya kanthawi, ulendo uyambe kukonzedwa kuchokera pa tsiku lobwerera. Kutuluka m'dziko muno sikuvuta kwenikweni. Ambiri amene zinawathina, zinawathinira pobwera.

Tiyambe ndi lamulo. Zonse zokhudza alendo kuno zili m'lamulo lotchedwa Immigration Act la chaka cha 2002, koma zimene zimatikhudza kwambiri lero zinabwera ndi ndondomeko zatsopano zimene zinayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014. Chaka chomwecho unduna wa Home Affairs unasiya kulandira wokha mafomu a viza m'maofesi ake, n'kupereka ntchitoyo ku kampani ya VFS Global. Kuyambira pamenepo mapepala timakasiya ku VFS, zala timakadinda komweko, koma chigamulo chimachokera ku unduna ku Pretoria. A pa kauntala ya VFS alibe mphamvu yofulumizitsa kapena kuvomereza pempho lanu, ngakhale muwadandaulire chotani.

Ogwira ntchito m'mayunivesite ambiri ali pa imodzi mwa viza ziwiri. Yoyamba ndi ya anthu a luso losowa, imene amaitcha critical skills work visa, yoperekedwa kwa amene ntchito yawo ili pa mndandanda umene boma limasindikiza. Yachiwiri ndi general work visa. Zonse ziwiri sizipitirira zaka 5, ndipo madigiri a kunja amayenera kuyamba apimidwa ndi bungwe la SAQA. Mu Okutobala 2024 nduna ya Home Affairs, a Leon Schreiber, anakhazikitsa njira yowerengera mapointi: wopempha apeze 100, ndipo digiri ya masters kapena ya udokotala yokha imapereka 50. Palinso gulu lachitatu, la obwera kudzachita kafukufuku kapena kudzakhala pa yunivesite ina kwa kanthawi. Awa kawirikawiri amakhala pa viza ya alendo ya nthawi yaitali ya pansi pa gawo 11 la lamuloli, imene ingafike zaka 3.

Tsegulani pasipoti yanu muwerenge kapepala komatidwa kaja, mzere uliwonse. Onani tsiku lothera. Onani ngati kakulolani kulowa maulendo ambiri. Onani dzina la yunivesite ndi udindo umene walembedwa, chifukwa viza ya ntchito imamangidwa pa bwana ameneyo ndi ntchito imeneyo. Mukachoka ku UJ kupita ku Wits, mtunda wake ndi waufupi ndithu, koma pa lamulo mwasintha zinthu zimene munalolezedwa, ndipo muyenera kupempha mwatsopano. Munthu amene wasintha ntchito mwakachetechete ndiye kuti akuyenda ndi pepala lonena zimene sizilinso zoona, ndipo pa chipata ndi pamene amafunsidwa kuti, “Mumagwira kuti?”

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano tifike pamene pali msampha weniweni, nthawi imene viza yakale ikutha koma yatsopano sinatuluke.

Lamulo limati pempho lowonjezera viza liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 kuti yakaleyo ithe. Masiku 60 ndi malire chabe. Amene akhalitsa kuno amayamba miyezi yambiri nthawiyo isanakwane, chifukwa kalata ya polisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu imatenga nthawi, kalata ya dokotala imatenga nthawi, ndipo tsiku lokaonekera ku VFS silipezeka mawa lomweli. Mukapereka zonse amakupatsani lisiti, ndipo pasipoti mumabwerera nayo kunyumba. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Pasipoti ili m'manja, lisiti ili m'chikwama, kalata yoitanidwa ku msonkhano yafika, ndiye mtima umati palibe choletsa.

Lisiti ija si viza. Imangosonyeza kuti munapempha. Tiyerekeze mphunzitsi amene viza yake ikutha pa 30 Juni, pempho anapereka mu Epulo, ndipo msonkhano uli ku Accra kuyambira pa 25 Juni mpaka pa 3 Julayi. Potuluka pa bwalo la ndege la OR Tambo palibe amene amuimitse, popeza viza ikadali ndi moyo. Ili ngati nkhani ya munthu wowoloka mtsinje m'mawa madzi akulekeza m'mawondo, osayang'ana mitambo ya kumtunda. Pa 3 Julayi, ali pa bwalo la ndege ku Accra, m'pasipoti mwake mulibenso chilolezo chokhalira ku South Africa. Ngati ndi wa dziko limene nzika zake zimafunika viza polowa kuno, a kampani ya ndege angamukanize kukwera komweko.

Mmalawi ali ndi kamwayi pang'ono, chifukwa pasipoti ya Malawi imalowa kuno masiku 30 popanda viza. Koma kamwayi kameneka kali ndi mbola. Akalowa motero walowa ngati mlendo wodzacheza, ndipo mlendo wodzacheza saloledwa kugwira ntchito. Kuima kutsogolo kwa kalasi Lolemba lotsatira ndiye kuti waswa lamulo iye, yaswanso lamulo yunivesite, pakuti gawo 38 limaletsa olemba ntchito kugwiritsa ntchito mlendo mosemphana ndi chilolezo chake. Ndiponso kuyambira 2014 munthu wa viza yodzacheza sangaisinthe kukhala ya ntchito ali m'dziko momwe muno. Ayenera kubwerera kwawo, kwa ife ndiye ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linafewetsako lamuloli mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, koma linatero poganizira amene ali pa banja ndi nzika kapena ndi anthu okhazikika kuno, pamodzi ndi ana awo. Mphunzitsi wamba wochokera ku Mzimba kapena ku Ntcheu sapindula nacho chigamulocho.

Nanga amene viza yamuthera ali momwe muno, akudikira yankho, kenaka n'kufuna kutuluka? Uyu ndiye ali pa moto waukulu. Kale munthu wopyola masiku ankangolipira chindapusa. Kuyambira 2014 chindapusacho chinachotsedwa, ndipo m'malo mwake amakulembani pachipata pomwepo kuti ndinu munthu wosafunika m'dziko muno. Mukapyola ndi masiku osaposa 30, chiletso chake ndi chaka chimodzi. Mukabwereza pasanathe miyezi 24, ndi zaka 2. Mukapyola ndi masiku oposa 30, ndi zaka 5. Taganizirani zaka 5 kwa munthu amene ana ake ali pa sukulu ku Randburg, nyumba ya lendi ili ndi katundu yense, ndipo ophunzira a digiri ya udokotala akudikira kuti awawerengere zimene alemba. Ambiri a anthu amenewa sanazembe chilichonse. Anapempha pa nthawi yake, kuchedwa kunali kwa boma.

Boma lenilenilo linavomereza za kuchedwaku. Pamene a Schreiber ankalowa mu unduna mu Julayi 2024, panali mapempho oposa 300,000 amene anaunjikana kwa zaka zambiri osayankhidwa. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anachita chinali kuwonjezera, mpaka pa 31 Disembala 2024, chifundo chapadera chimene unduna unkapereka kwa odikira. Pansi pa chifundocho, munthu wodikira yankho la viza ya nthawi yaitali ankaloledwa kutuluka ndi kulowanso popanda kulembedwa kuti ndi wosafunika, bola aonetse lisiti ya VFS. A m'mayiko ofunika viza ankayenerabe kukatenga viza yolowera asanabwerere. Chifundo chotere chakhala chikuperekedwa m'zigawozigawo, chilichonse ndi tsiku lake lothera ndiponso mawu ake. Choncho musadalire zimene mnzanu anachita chaka chatha. Pezani chikalata chenicheni cha unduna, muwerenge ngati chikukhudza mtundu wa pempho lanu, muonenso ngati chidzakhale chikugwirabe ntchito pa tsiku limene mudzaime pa kauntala pobwera. Chisindikizeni papepala muyende nacho, chifukwa wa kampani ya ndege ku Accra kapena ku Frankfurt sadziwa zimene nduna inalengeza ku Pretoria.

(Nyimbo pang'ono)

Kufikira pano takamba za chipata cha kuno. Koma dziko limene mukupitako nalo limayang'ana viza yanu ya South Africa, ndipo limaiyang'ana ndi diso lakuthwa.

Titenge mayiko a Schengen a ku Ulaya. Mumaloledwa kupempha viza yawo muli ku Johannesburg kapena ku Pretoria pokhapokha ngati mukukhala kuno movomerezeka, ndipo maofesi ambiri a akazembe amafuna kuti chilolezo chanu cha kuno chikhalebe ndi miyezi itatu mutabwerako. Chifukwa chake n'chosabisika: akufuna kutsimikiza kuti muli ndi kobwerera. Ndiye kuti viza ya zaka 5 ija, pa nkhani ya ulendo wa ku Ulaya, imafa miyezi ingapo tsiku lake lisanakwane. Pasipoti nayo ikhale ndi miyezi itatu yotsala mutatuluka ku Ulayako, ndi masamba awiri opanda chidindo. Malipiro anakwera kufika ma euro 90 mu Juni 2024, ndipo pamafunika inshulansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15 koma lingafike masiku 45, ndipo nthawi yonseyo pasipoti imakhala kwa iwo. Apa samalani kuti zinthu ziwiri zisagundane. Uthenga wa VFS wonena kuti viza yanu ya ntchito yatuluka ungafike pasipoti ili ku ofesi ya kazembe wina. Lamya ya maliro nayo ingafike nthawi yomweyo.

Ku America zinthu zinafika pouma kwa ife. Pa 20 Ogasiti 2025, dziko limenelo linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa nzika za Malawi ndi Zambia zopempha viza yodzacheza kapena ya bizinesi, imene ndi yomwe anthu amapitira ku misonkhano. Lamulolo linatsata pasipoti, osati kumene munthu akukhala. Pulofesa wa ku Wits amene wakhala mu Joni zaka 10 anawerengedwa chimodzimodzi ndi wina aliyense wa pasipoti ya Malawi. Musanavomere kukalankhula ku msonkhano wa kumeneko, yambani mwaona zimene ofesi ya kazembe wawo ikunena mwezi umenewo.

Pali kakhadi kena kachikasu kamene anthu amakaiwala. South Africa imafuna umboni wa katemera wa yellow fever kwa aliyense wochokera ku mayiko kumene kuli matendawa, monga Ghana, Nigeria, Senegal, Uganda, Kenya ndi Ethiopia, ngakhalenso amene anangodikira ndege kumeneko maola oposa 12. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 kubayitsa kamodzi kumakwanira moyo wonse.

Za pasipoti yeniyeniyo, ife Amalawi tinaphunzira movutika. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti yaima chifukwa akuba a pa kompyuta analowerera makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka. Amene pasipoti inali itawathera nthawi imeneyo anangoti kakasi. Munthu woyendayenda masamba amamuthera msanga kuposa zaka, makamaka ngati amadzera pamsewu, kumene zidindo zimagwa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Cuchamano, pa Zóbuè ndi pa Mwanza, popita ndi pobwera pomwe. Yambani msanga kufunsa ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku ofesi yake ya mu Johannesburg. Pasipoti yatsopano ikatuluka, viza imatsalira m'yakale. Yendani nazo zonse ziwiri, ndipo pemphani kudzera ku VFS kuti aisamutsire m'yatsopanoyo.

Mukafika pa kauntala pobwera, kaya ndi ku OR Tambo kaya pa Beitbridge, tsegulani nokha tsamba la viza ya ntchito mumuonetse ofesala wa Border Management Authority, bungwe limene lakhala likuyang'anira zipata kuyambira mu Epulo 2023. Akadinda, werengani chidindocho musanasunthe phazi. Pa Disembala mizere imakhala yaitali, ofesala atopa, ndipo akaona pasipoti ya Malawi dzanja lingangolemba masiku 30 mwachizolowezi. Kukonza cholakwikacho muli pomwepo ndi nkhani ya mphindi zochepa, pamene mukachitulukira patapita miyezi chimasanduka mlandu. Chitani chimodzimodzi ndi mapasipoti a akunyumba ndi a ana, chifukwa viza zawo zimatsamira pa yanu koma masiku ake othera sakhala ofanana nthawi zonse.

(Nyimbo pang'ono)

Mundilole ndilankhuleko kwa akuluakulu a mayunivesite, poti ena a iwo amatimvera. Katundu ameneyu mwamusiya kwambiri pamutu pa wantchito. Viza ya ntchito imatsata kontalakiti. Ngati kontalakiti ya chaka chimodzi isainidwa kutatsala milungu itatu kuti yakale ithe, masiku 60 aja munthu awapeza kuti? Amene amapwetekeka kwambiri ndi achinyamata amene angomaliza digiri ya udokotala, a makontalakiti afupiafupi, amenenso ndi omwe akufunika kuonekera ku misonkhano kuti adziwike. Mnzawo wa pasipoti ya kuno amavomera kalata yoitanidwa tsiku lomwelo. Iwo amayamba awerenga kalendala, ndipo kawirikawiri amayankha kuti pepani sindikwanitsa. Pakatha zaka zitatu komiti yokweza anthu pa ntchito imaona kuti wina wayenda kwambiri, wina sanayende, osafunsa chifukwa chake. Kumeneko ndi kulanga munthu pa mlandu wa ena. Yunivesite imene imanyadira kuti ili ndi akatswiri a mu Africa yense isaine makontalakiti nthawi ikadalipo, ikumbutse antchito ake miyezi isanu ndi umodzi viza isanathe, ndipo ikhale ndi munthu wodziwa lamuloli amene angayankhe lamya Loweruka usiku wina atakanizidwa kukwera ndege.

Kukhala kuno ndi phazi limodzi panja si kwachilendo kwa ife. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia n'kukhalapo mphunzitsi, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Chaka chotsatira boma linalamula kuti athamangitsidwe m'dziko muno popeza anabadwira ku Nyasaland, ngakhale lamulolo linadzafafanizidwa. Mu 1927 anapita ku Geneva ndi ku Britain kukalankhulira antchito akuda, n'kubwerera kudzapitiriza ntchito yake. Masiku anonso, pamene magulu ngati Operation Dudula akufuula kuti alendo akulanda ntchito, ndipo aphungu ena akufunsa chiwerengero cha alendo olembedwa m'mayunivesite, pepala lolongosoka ndi limene limatseka pakamwa aliyense wofuna chifukwa.

Inunso amene muli ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu ndipo mwaitanidwa kuno, nkhaniyi ikukukhudzani. Kudzakhala nawo pa msonkhano, masiku 30 aja akukwanirani. Koma ngati mukudzaphunzitsa kapena kugwira ntchito ina kwa milungu ingapo, pamafunika chilolezo cha pansi pa gawo 11(2), ndipo chimatengedwa ku Lilongwe musananyamuke. Safunsa anadya phula. Afunseni okuitananiwo kuti akulembereni kalata yonena bwinobwino chimene mukudzachita.

Pomaliza, ngati zavuta kale ndipo akulemberani pachipata kuti ndinu wosafunika, musakangane ndi ofesala, ndiponso musayese n'komwe kupereka kangachepe, chifukwa pamenepo mlandu wa masiku usanduka wa ziphuphu. Landirani pepala limene akupatsani mulisunge bwino. Chiletsocho chimatheka kuchitidwa apilo ku Home Affairs muli kunja. Mumalemba kalata yofotokoza chimene chinachitika, n'kuphatikizapo pepala lija, masamba a pasipoti, lisiti ya VFS yosonyeza tsiku limene munapempha, ndi kalata ya yunivesite. Ngati munachedwa chifukwa cha matenda, muikepo ya dokotala. Dziwitsani mkulu wa dipatimenti yanu ndi ofesi yoona za antchito tsiku lomwelo, kuti apeze wogwirizira makalasi anu ndiponso kuti alembe kalata yawo msanga. Ndiye chifukwa chake mapepala onsewa muziwajambula n'kuwasunga pa foni ndi pa imelo musananyamuke, chifukwa apilo imalembedwa muli kutali ndi kabati ya mu ofesi yanu.

Nthawi yathu yathera pomwepa. 

(Nyimbo yotsekera)